Khomo 3389

Lachiwiri pa 4 Marichi, tsiku limodzi ndisanakwere ndege kubwerera ku mgodi wa ku Newman, ndinakonza rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, kwathu ku Geraldton. Ntchito yanga yomaliza ya sukulu yoyeza malo inali pa kompyuta yaikulu ya kuchipinda, ndipo pulogalamu yake sinkagwira pa ina iliyonse. Tsiku lomaliza kutumiza linali Lachisanu pa 14, 5 koloko madzulo. Ndinali nditalephera kale kawiri. Kachitatu amachotsa sukulu.

Nambala imene kampani ya intaneti imapatsa nyumba yathu imasinthasintha, choncho ndinalembetsa dzina loti liziitsatira kulikonse. Kenako ndinatsegula pa rauta khomo 3389, lolowera uli kutali, n'kulilozetsa ku kompyuta yanga, imene m'nyumbamo inali nambala 12. Pomaliza ndinasintha pasiwedi ya rauta. Mlongo wanga Trent, amene tinkakhala naye nyumba imodzi chimwalirireni bambo, sindinamuuze.

"Nyumba ya tonse, rauta ya adona okha," anatero ataima pakhomo, buledi wopaka Vegemite ali m'manja.

"Ukaigwira umaononga."

Kwa masiku asanu ndi atatu zonse zinayenda. Ndikaweruka, ndinkalowa pa kompyuta ya kunyumba ndili m'kachipinda kanga ku kampu.

Pa 13 ndinaweruka usiku, sindinalowe. Pa 14 ndinapempha kuweruka masana. Nthawi ya 3:10 kompyuta inakana kuyankha. Ndinaimbira Trent.

"Wakhudza chiyani?"

"Moni kaye, achemwali. Kumgodi sapereka moni?"

"Trent, wakhudza chiyani?"

"Ndinapita kokawedza masiku awiri. Ndinathimitsa maswichi onse apakhoma, ngati mmene ankachitira bambo. Kapena nawonso ankaononga?"

Anali atayatsanso zonse, ndi kompyuta yomwe. Ndinamuuza kuti andiwerengere nambala yake. Anachedwa dala, akuimba mluzu.

"Khumi ndi zisanu."

Cholakwa chinali changa. Sindinaimange kompyutayo pa 12. Rauta itayaka inagawa manambala mwatsopano, ndipo 12 inapita ku TV ya Trent. Khomo langa linkagogoda pa TV.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi ziwiri, koma kunkafuna munthu wa m'nyumbamo, wodziwa pasiwedi.

"Ndiye mundiuza, kapena ndibwerere kunyanja? Nsomba zikudya bwino lero."

"Usandiyese, iwe."

"Nthawi ndi 3:52, adona. Ine ndilibe mayeso."

Ndinayang'ana wotchi. Kenako ndinamuuza pasiwediyo, chilembo chimodzichimodzi. Linali dzina la boti la bambo, limene tinkalimbirana kuyambira pa maliro.

"Ngakhale dzina lake lomwe munalitenga," anatero, osasekanso.

Anasintha 12 kukhala 15. Nthawi ya 4:03 ndinalowa. Ndinakonza mapu awiri otsala n'kutumiza 4:41.

Loweruka m'mawa ndinayesanso kulowa kuti ndisunge kalata yotsimikiza kuti kusukulu alandira. Khomo linali lotseka. Ndinaimbira Trent katatu, sanayankhe.

Ndinafika kunyumba Lachitatu pa 19. Boti panalibe pabwalo. Rauta inali pamalo pake, magetsi ake akuphethira, ndipo pamwamba pake anamatapo kapepala: "Ukaigwira umaononga."

Ndinayesa pasiwedi yanga ija kamodzi kokha. Inakana.