Adzukulu a Wilfred

Ku Lizulu nkhungu ikatsika, umagula mbatata kwa mawu okha, wogulitsa osamuona nkhope. Salome ankaikonda nkhungu yotereyi. Ankakhala kuseri kwa milu yake ya kachewere, chitenje atafunda mpaka m'makutu, n'kumaona anthu akutulukira m'choyeracho mmodzimmodzi. Mwamuna aliyense wamtali ankayamba wakhala Wilfred, kenako akayandikira n'kusanduka munthu wamba.

Wilfred anali mwamuna wake. Anakhala naye dzinja limodzi lokha, asilikali a Keyala n'kumutenga kupita naye kunkhondo ya azungu. Kalata yoyamba inati Mataliyana amugwira ku Somaliya. Yachiwiri inati wafera m'manja mwawo, basi. Akuchimuna anadula thunthu la nthochi kuti aike m'manda m'malo mwa thupi, amete maliro, mkazi amusudzule. Salome anakana kwamtuwagalu. Imfayo sankaikana ayi. Chinkamudya moyo n'chakuti munthu wofera m'ndende ya adani amaikidwa ndi yani. M'maso mwake ankamuona atatayidwa kutchire ngati galu, nsapato zili kuphazi. Maliro opanda adzukulu, osambitsa ndi okumba manda, iye sankawawerengera. Zaka makumi atatu zinapita, azungu anachoka, makadi a chipani anabwera, koma lumo la maliro silinafike pamutu pake.

Panali wogula wina, Che Nasoro, wa kagolosale ku Nsipe, wamtali ndi wowonda, wa chisoti choyera. Kwa zaka zisanu ankadutsa milu yonse ya mumsika n'kudzaima pa Salome. Sankanenerera, basela sankapempha. Wamalonda wosanenerera ndi wodwala kapena wofunsira, ndipo amayi apamsika anasankha chachiwiricho n'kumamuseka Salome mpaka kugwirana mapewa.

Tsiku lina lole yodzanyamula matumba a Che Nasoro inachedwa. Che Nasoro anakhala pathumba, anatsokomola kwanthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, chifuwachi chandiuza kuti ndisachedwenso. Amuna anu ndinali nawo kunkhondo."

Salome sanadzidzimuke. Zinamveka ngati mawu amene anawamvapo kale ali m'tulo.

"Anatigwira tsiku limodzi," anatero bamboyo. "Anatitsekera muwaya, pamchenga popanda ndi mtengo womwe. Iwo anadwala kamwazi. Masiku omaliza ankangonena za mvula ya kwawo ku Mlangeni, kuti ikamabwera imayamba yanunkhira."

Nkhungu inayenda pakati pawo, ndipo Salome anauona mchengawo pomwepo pamsewu, woyera, wopanda malire, Mozambiki ndi Malawi zonse zitamira mmenemo. Anamuona Wilfred atagona chammbali, akadali mnyamata, ndevu zisanakhwime. Iye apa anali ndi imvi. Anachita manyazi pang'ono, ngati mayi amene wasuzumira m'gowelo.

"Anamutaya kuti?" anafunsa. Mawu anatuluka ouma.

"Sanatayidwe. Ndinawaika ndine." Che Nasoro anayang'ana pansi. "Mlandu wanga ndi umenewo, mayi. Ine pemphero lakutchalitchi sindilidziwa. Ndinachita zomwe ndinaona kwa bambo anga. Ndinasunga madzi anga akumwa a masiku awiri, ndinawasambitsa katatu, kuyambira kudzanja lamanja. Nsanda kunalibe, ndinawakulunga m'bulangete langa. Alonda anandibwereka fosholo. Ndinakumba, ndinaboola kachipinda m'mbali kuti dothi lisawagwere kumaso, ndinawagoneka moyang'ana ku Maka. Mtanda sindinaike. Mwana wa mpingo ndinamuika Chisilamu. Nditabwerera ndinafufuza kwanu zaka zambiri, mpaka ndinakupezani, koma pakamwa panandilemera. Ndinkati mudzati ndinakuberani munthu n'kukamupereka kwa eni ena."

Salome anayang'ana manja a bamboyo, aataliatali, a mitsempha yotuluka, omwe kwa zaka zisanu ankangowaona akutola mbatata zake.

"Nsapato munamuvula?"

"Ndinawavula."

"Kumapazi munasambitsako?"

"Mpaka m'zala."

Chinthu china chimene chinamangika m'chifuwa mwake kuyambira ali mtsikana chinamasuka, ndipo anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, osadziwa choyamba nacho. Anayamba ndi kukalipa.

"Inu Che Nasoro, ndinu munthu wotani? Zaka zonsezi adzukulu kumagula mbatata kwa namfedwa, osanena! Mulungu wa Wilfred simukuganiza kuti amamva chinenero chanucho? Loweruka mubwere ku Mlangeni. Lumo mugwira ndinu. Mpeni wanunso mutenge, nkhuku ya adzukulu muzinge nokha, musadzati takudyetsani zosayenera."

Che Nasoro anavula chisoti, chinthu chimene sanachitepo pagulu, n'kubisamo nkhope.

Pamenepo Salome anamasula duku, anakhala pansi padothi lonyowa, anatambasula miyendo, n'kuyamba kulira maliro. Mawu ake anapita patali m'nkhungumo. Amayi anasiya kabichi ndi tomato wawo, anabwera akuthamanga kuchokera mbali zonse ziwiri za msewu, ena atayamba kale kulira asanamve kuti wapita ndani. Zelesi, wa mulu woyandikana naye, anamugwira paphewa.

"Anzanga, ndani watisiya?"

"Amuna anga."

"Kalanga ine! Zachitika liti?"

"Zakale," anatero Salome. "Koma kuikidwa aikidwa lero."