Nthochi za Dyton

Tahira anayamba ndi batani la kudzanja lamanja. Amayi a mvano anali pakati pa nyimbo, bokosi lili chitsegukire pamphasa kuti abale aone nkhope, ndipo palibe anayembekeza kuti namfedwa angatambasule dzanja n'kugwira mtembo wa mwamuna wake. Koma shati imene anamuveka Dyton inamuwawa m'maso. Zaka zonse za banja lawo Dyton sanamangepo batani la pamkono, kaya ku tchalitchi, kaya ku wailesi kumene ankagwira ntchito ya utolankhani. Ankapinda mikono mpaka m'zigongono, ati munthu wofunsa mafunso asamaoneke ngati wabwera kudzalanda katundu. Tsono a kumotchale, posamudziwa, anamumanga mabatani onse ngati kalaliki.

Anapinda kamodzi, kawiri, n'kuima. Pamalo pomangira wotchi khungu linali lodyeka kuzungulira, mzere wakuda ngati wa mbuzi yokhalitsa pachingwe. Anamasula dzanja linalo. Chimodzimodzi.

Nyimbo inafa yokha, mayi mmodzimmodzi. Zimene aliyense ankadziwa pamaliropo zinali zoti Dyton anapezeka dzana m'ngalande ya msewu waukulu, kufupi ndi msika wa Lirangwe, atagundidwa ndi galimoto imene inathawa. Ndi mmene analengezera, ndi mmene anthu ankauzirana pofika. Tahira anatembenukira apongozi ake, a Nangondo, amene anali atatsamira khoma.

"Amayi, galimoto yake iti imene imamanga munthu manja?"

A Nangondo anasendera, nayang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Anangokoka chitenje n'kuphimba kumaso.

Panja dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuluma. Ndege inadutsa m'munsi kupita ku Chileka, ana n'kudzutsa mitu, akuluakulu osasamala. A Gracian, malume ake a Dyton, omwe ndiwo eni mbumba, anali pikitipikiti kuyambira m'mawa, uku kulandira anthu, uku kuthamangitsa ophika. Zinthu zinali zitayenda bwino modabwitsa, bwino mopitirira muyeso. Bokosi loyera la zogwirira zonyezimira, tenti, mipando, lole yonyamula anthu, zonsezo zinabwera zokha banja lisanapemphe, kuchokera ku kampani yoswa miyala ya kwale kuseri kwa phiri. Kapitawo wa kampaniyo anakhala pampando wakutsogolo, chipewa chili pabondo, nkhope yachisoni ndithu. Anali atafunsa kale kawiri ngati mwambo uyambe msanga chifukwa cha kutentha.

Chonsecho mudzi wonse wa ku Chigaru kuno unkadziwa kuti chaka chino Dyton analibe nkhani ina pa wailesi koma ya kwale yomweyo: nyumba zong'ambika ndi mabomba oswera miyala, fumbi lotsokomoletsa ana, anyamata ovulala n'kubwezedwa kwawo opanda kanthu. Mafoni omuopseza ankabwera, iye ankangoseka n'kuuza Tahira kuti galu wouwa saluma. Bodza limenelo. Ena amauwa n'kuluma.

Anakumana kuseri kwa khola la mbuzi, a Gracian, Tahira, ndi Sylvia, mnzake wa Dyton wa ku wailesi. Sylvia anali atayimba kale mafoni. Anafotokoza modzichepetsa, manja ali pamodzi, kuti loya wa bungwe la atolankhani wapeza dokotala ku Blantyre wovomera kupima thupi mawa, koma pakufunika chilolezo cha mwini mbumba. Likalowa m'dothi lero, basi, kulifukula n'kwa makhoti, ndipo nkhani zoterozo zimakalamba zisanamveke. Anatchula atolankhani ena amene anapita chonchi, imfa zawo n'kutchedwa ngozi, owapha akumwabe tiyi m'nyumba zawo.

A Gracian anamvetsera akukanda chibwano, kenaka anakwiya. Anati Sylvia abwerera ku tauni madzulo ano, koma iwo atsala pano, moyang'anizana ndi phiri lomwelo. Mwana wawo Chisoni amagwira ntchito kukwale komweko, ali ndi ana awiri, adya chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anthu aja sikuti ali pamkhate chabe, mkhatewo ndi wawo. Kwa Tahira anatembenuka ndi mawu obaya. Anati kwawo kwa apongoziwa, kwa Asilamu a pa Lirangwe, munthu akafa m'mawa masana aikidwa, nanga lero iwo omwewo akufuna mtembo uziyendayenda m'misewu ngati katundu wa pa msika?

Tahira zinamupweteka, chifukwa zinali zoona. Bambo ake omwe anawaika tsiku lomwelo, ndipo iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kuchedwetsa maliro n'kuzunza womwalira.

"Amalume, bambo anga anafa ndi matenda, tinawaona tonse. Uyu amumanga. Mukamuika lero, mwawathandiza kukumba."

A Gracian asanayankhe, mkulu wa adzukulu anatulukira, dothi lofiira lili mpaka m'mawondo. Anati dzenje latha, ndipo zamveka kumanda kuti kuno kuli maganizo ena. Iye sanabwere kudzakangana, anangobwera kudzakumbutsa. Manda okumba sagona chiyasamire. Akagona choncho amaitana munthu wina wa m'banja lomwelo, ndipo adzukulu sachoka kumanda asanafotsere. Njira ilipo imodzi yokha, yomwe a Gracian akuidziwa: kugoneka thunthu la nthochi m'dzenjemo n'kukwirira, monga amachitira munthu akapita ndi madzi kapena akafera kutali. Koma zoika nthochi mtembo uli m'nyumba, iye chibadwire sanazionepo. Anawapatsa mpaka dzuwa lipendeke, nabwerera.

Apa a Gracian anaona ngati apeza pothawira. Anati mwamva nokha, mwambo wakana. Kudula nthochi pamaso pa anthu onsewa n'chimodzimodzi kuimirira pakati pa bwalo n'kuloza kapitawo chala. Anayamba kubwerera kutenti. Tahira anali mkazi wokwatiwa chabe pamudzi pano, mawu ake ankathera pakhomo la siwa.

Koma pangodya ya nyumba panaima a Nangondo, chikwanje chili m'manja. Mayi wofedwa satuluka m'nyumba ya maliro mwambo usanayambe, ndiye amayi ena anawatsatira n'kumawakoka chitenje. Iwo anangogwedeza phewa.

"Achimwene, tabwerani kuno. Ngati ndi nthochi, zilipo. Musankhe nokha."

A Gracian anati iwo sanavomere zodula nthochi. A Nangondo anati awamva, koma abwere basi. Anatsogola kuseri kwa nyumba, kumene madzi a kubafa amatsikira, ndipo mchimwene wawoyo anatsatira monyinyirika, akupukuta thukuta ndi chipewa.

Nthochizo a Gracian ankaziona tsiku lililonse popita kudimba, osaziganizira kanthu. Zinali mumzere wokhota, zina zazitali, zina zongophuka kumene. A Nangondo anayenda nazo pang'onopang'ono, akugwira iliyonse ndi chikhatho. Anafotokoza kuti Dyton ankakana chipondamthengo, ka envulopu kaja amapatsa atolankhani kuti nkhani ikome kapena ife. Koma anthu osauka akamukakamiza kuti alandireko kanthu pothokoza, ankawapempha mphukira ya nthochi, n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto, n'kudzadzala kuno kwa mayi ake. Iliyonse ankaitchula dzina la mwini wake. Iyi ndi mayi Bushra a ku Mdeka, amene anawabwezera munda. Iyi ndi a Amadi, aja anatsekeredwa popanda mlandu. Iyi ndi Lisa, mtsikana amene anabwerera kusukulu. Akabwera Loweruka ankazipatsa moni ngati anthu, ana n'kumaseka kuti amalume apenga.

Kumapeto kwa mzere kunali ina yotalikirako, pouma, pamene madzi a kubafa safika. Masamba ake anali atayamba kufota m'mbali. A Nangondo anaima pamenepo.

"Iyi sanapatsidwe ndi munthu. Anadzala yekha tsiku lija tinaika Steve."

Steve anali mwana woyamba wa a Gracian. Anafera kukwale zaka zingapo zapitazo, mwala utamugwera. Akampani anati anali ataledzera, mnyamata woti mowa sankaudziwa n'kununkha komwe. Nthawi imeneyonso bokosi linabwera lokha, loyera, la zogwirira zonyezimira, ndi tenti, ndi lole, ndipo anamuika msanga chifukwa cha kutentha. Kuyambira tsikulo dzina la Steve silinatchulidwenso m'nyumba mwawo.

A Nangondo anapitiriza ndi mawu otsika. Anati Dyton akafika, asanalonjere ngakhale mayi ake omubala, ankatula chikwama, kupinda mikono, kutunga ndowa pamjigo n'kudzathira apa. Ankati, muli bwanji a Steve, nkhani yanu sinathe. Anawaletsa kuuza malume ake, ati ali ndi katundu wokwanira kale pamtima. Loweruka lapitali sanabwere, n'chifukwa chake masamba afota.

Anawapatsira chikwanje, mpini uli kutsogolo.

A Gracian anachilandira. Anayang'ana mzere wonse, kuyambira kwa mayi Bushra mpaka kwa Steve. Mantha sanawachoke, ayi. Ankaona bwinobwino Chisoni akubwezedwa pageti Lolemba, ankaona galimoto zosadziwika zikuima pamsewu wa kwawo. Koma manyazi anakula kuposa manthawo.

"Izi zili ndi eni ake," anatero. "Ndikadula yanga."

Anadutsa pakati pa bwalo chikwanje chili m'manja, anthu akupatuka, nawoloka njira kupita pakhomo pawo. Kunamveka kukhapa katatu. Pobwera anali atasenza thunthu la nthochi paphewa, madzi ake akudontha pajekete lawo la maliro. Sanaitane mnyamata aliyense kuti awalandire. Analitula patsogolo pa tenti, pafupi ndi nsapato za kapitawo, nalankhula osakweza mawu. Anathokoza onse obwera. Anati lero kumanda kupita nthochi, Dyton apita ku Blantyre kukaonedwa ndi dokotala, chifukwa banja lapeza zipsera za chingwe m'manja mwake ndipo likufuna kudziwa anamumanga ndani. Akabwerako adzalengeza tsiku.

Phokoso linabuka ngati njuchi. Ena anati a Gracian asokonezeka ndi chisoni, ena anati zikanatere kalekale. Kapitawo anavala chipewa, nanena kuti lole ili ndi ntchito ina masana ano, ndipo anyamata ake anayamba kupinda mipando anthu ali chikhalire. Agogo ena anachita kudzutsidwa. Palibe anadandaula mokweza. Abambo anakhala pamiyala ndi pamizu ya mtengo wa mango, amayi anayala zitenje, ndipo a mvano anayambiranso nyimbo ija pamene anaisiyira.

Yasin, mchimwene wake wa Tahira, anabweretsa kapikapu kake konyamulira matumba a chimanga pa Lirangwe. Anasesa kumbuyo ndi nthambi, nayala mphasa. Pokweza bokosi Tahira anapempha kuti alitsegule pang'ono, naona kuti mikono ya shati ikadali yopinda, nagwedeza mutu kuti atseke. Anakwera kumbuyo komweko pamodzi ndi Sylvia. Chisoni, amene tsiku lonse anali ataima kumbali, anayang'ana bambo ake, nayang'ana lole ya kampani imene inali kutembenuka, kenaka anadumphira m'pikapumo n'kugwira bokosi kuti lisagwedezeke m'mabampu.

Adzukulu ananyamula nthochi ija mwaulemu, atayikulunga m'nsalu, nakaifotsera dzuwa lisanapendeke. Anthu anayamba kubalalika awiriawiri, akunong'ona. Zoti dokotala akapeza chiyani, ndiponso ngati alipo adzamangidwe, panalibe ankadziwa. A Nangondo anabwerera m'nyumba, nakhala pamphasa pamene panali bokosi.

Ali pomwepo anamva mjigo ukulira. Anasuzumira pazenera la kuseri. A Gracian anali atavula jekete n'kulikoleka pamtengo, akubwera ndi ndowa yodzaza, akupendekera mbali imodzi chifukwa cha msana wawo wopweteka. Anadutsa mayi Bushra, a Amadi ndi Lisa, nakatula ndowa kumapeto kwa mzere. Anamasula batani la kudzanja lamanja, napinda mkono mpaka m'chigongono, kenaka linalo.

"Muli bwanji a Steve," anatero, nayamba kuthira pang'onopang'ono kuti madzi alowe.