Chipinda cha Che Bakari

Maso a Che Bakari atayamba kuchita ng'ala, mwana wawo Lukiya anawatenga kumudzi kwa Mposa kuti azikhala naye ku Ntaja. Chipinda chinalipo, chinangotsala kupaka penti. Apa ndi pamene Lukiya anasiyana maganizo ndi mwamuna wake Yunusu.

Lukiya ankafuna penti wakirimu chifukwa zenera la chipindacho linali laling'ono. Yunusu anakonda wabuluu woderapo. Mnzake Jasten, wa kabaza, anali atamuuza kuti munthu wosaona bwino amayenda mogwiragwira khoma, ndiye khoma lowala silichedwa kuda. Lukiya anagonja poona kuti mwamuna wake walandira apongozi ake ndi mtima wonse. Yunusu anapaka yekha, makoma ndi chitseko chomwe.

Pasanathe sabata, Che Bakari anasiya kutuluka. Ankangokhala pamkeka, ndipo ngakhale kokatawaza asanapemphere ankadikira wowagwira dzanja. Lukiya ankaganiza kuti akusowa kwawo. Tsiku lina masana anawapeza atagwira pamphumi, magazi akutsikira m'ndevu. Anali atagunda chitseko.

Kuchipatala, namwino Mayi Clementina atamanga balalo anafunsa za chipindacho. Lukiya anafotokoza.

"Diso la ng'ala limafuna kuwala, komanso zinthu zosiyana mitundu," anatero namwinoyo. "Khoma ndi chitseko zikafanana, kwa iwo khomo palibe. Makoma awale, chitseko chidere. Koma eni akewo munawafunsa?"

Lukiya anavomera kuti sanawafunse. Namwinoyo anawalembera tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso, nati ng'ala imachotsedwa.

Yunusu atamva zimenezi sanatsutse. Anagula kachitini ka penti wakirimu, napaka kachigawo pakhoma, kenako anaitana apongozi ake kuti anene okha. Che Bakari anayang'ana nthawi yaitali, n'kuloza powalapo. Loweruka makoma onse anasanduka akirimu, chitseko chinatsala chabuluu.

Fungo la penti litatha, Che Bakari anabwerera m'chipindamo, ndipo anaimirira, nayenda okha mpaka pakhomo osagwira khoma. Lukiya anawafunsa chifukwa chimene sananenere kale.

"Ndinkayesa maso atheratu, mwanangu," anayankha motsitsa mawu. "Ndiye nyumba ya eni, penti watsopano, ndikanayamba bwanji?"

Phunziro: Pokonzera malo munthu wokalamba kapena wodwala, tiyambe tamufunsa iye mwini. Ambiri amavutika mwakachetechete poopa kuoneka osayamika.