Msoko wa Mkati

"Sizasiyo isiye pomwe waipezapo," anatero mchemwali wamkulu kwa mng'ono wake, osatembenuka n'komwe.

Wamng'onoyo anaibweza patebulo mwakachetechete. Anthu onse a mumsewuwo ankamutchula kuti Dokotala, ngakhale anali m'chaka chachitatu chabe kuyunivesite. Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda, ndipo kashopu kawo ka utelala kankanunkhabe mafuta a makina ndi nsalu zositidwa kumene.

Azakhali awo, alongo ake a malemuwo, anali atakhala pabenchi ya makasitomala. Anatsokomola pang'ono.

"Nkhani ndi yachidule, ana inu. Uyu Lolemba abwerere kusukulu, mayeso sadikira maliro. Iwe wamkulu ugwire shopu monga ankachitira bambo ako, mpaka mng'ono wako amalize. Ndiwe bambo wake tsopano."

"Ndine bambo wake?" Wamkuluyo anasiya kupinda thalauza. "Nanga ine bambo anga ndani, azakhali?"

"Usayambe mwano pamaliro."

Sunali mwano, unali mtima umene unatupa kwa zaka zisanu ndi zinayi. Nayenso mayeso a sekondale anakhoza bwino, mwinanso kuposa mng'ono wakeyo pa masamu. Koma chaka chomwecho mayi awo anamwalira, maso a bambo anayamba kuchita nkhungu, ndiye anamupempha kuti akhale pamakina achiwiri chaka chimodzi chokha. Chaka chimodzicho chinabala zinzake. Wamng'onoyo ankawerenga atakhala pamulu wa zigamba, makina akulira m'makutu, mpaka kalata yomuitana kukaphunzira udokotala inabwera. Bambo, amene sankatha kuwerenga, anaimata pakhoma. Munthu wobwera kudzaikitsa zipi ankatuluka atadziwa maphunziro onse a Dokotala. Ngakhale kumanda, wolankhula m'malo mwa banja anatchula Dokotala katatu, koma iye anangomuti "mwana wina amene amathandiza pashopu."

"Kufakitale ya zovala andilonjeza ntchito," anatero wamkuluyo. "Shopuyi nditseka kumapeto kwa mwezi. Amene ali ndi nzeru adzithandize ndi nzeru zakezo."

Azakhali anaimirira, nakutumula nsalu yawo. "M'bale wanga sanazizire n'komwe. Zikomo, ndamva." Anatuluka chitseko n'kuchisiya pululu.

M'shopumo munatsala awiri. Wamkuluyo anakhala pamakina ake n'kuyamba kupondaponda mwaukali, singano ikuthamanga pamwendo wa thalauza ya mwini wake.

"Achemwali," anatero wamng'onoyo.

"Ndikugwira ntchito. Ena sitilipidwa ndi kuwomberedwa m'manja."

"Mukuyesa ine sindinkakuchitirani nsanje?"

Makina anaima. Wamkuluyo anaseka kuseka kouma. "Nsanje ya chiyani? Msana wopindikawu?"

"Inu munali nawo tsiku lililonse. Ine ndamva za matenda awo atagona kale m'chipatala. Zaka zitatu ndikuphunzira za mtima wa munthu, wa bambo anga sindinaumvereko n'kamodzi komwe."

"Unasankha wekha."

"Ndinasankhadi. Ndipo ndikufunabe kumaliza, sindinama." Anatsegula chikwama chake natulutsa chijasi choyera, chija ophunzira udokotala amavala. "Thumba lang'ambika. Ndisokereni, ngakhale kakhale komaliza."

Wamkuluyo anachizindikira. Anachisoka yekha chaka choyamba chija, mano ali gwa, chifukwa cha kusitolo sakanachikwanitsa. Bambo ndi amene anakachipereka.

"Mukudziwa zimene anachita tsiku limenelo?" anafunsa wamng'onoyo. "Anandipeza pakhonde kuyunivesite ndili ndi anzanga komanso mphunzitsi wathu wamkulu, dokotala wa mafupa. Ine ndimati anena za ine. Iwo anangochitembenuza chijasichi kunja kukhala mkati, n'kuchitambasula pamaso pa munthu wamkulu uja. Amvekere, 'Bwana, inu mumasoka anthu. Taonani msoko uwu, mundiuze ngati pano alipo angaufike. Amene anausoka ndi mwana wanga woyamba.' Dokotala uja anavala magalasi, anthu akuseka. Ine dzina langa silinatchulidwe. Mpaka lero anzanga akandiona amafunsa kuti, 'Ali bwanji achemwali ako a msoko?'"

"Wapeka."

"Tembenuzani muone."

Wamkuluyo anachilandira monyinyirika, nachitembenuza. Msoko wake unali pomwepo, wowongoka ngati wolemba ndi rula. Anautsata ndi chala kuchokera m'munsi mpaka m'khwapa, ndipo chala chinaima. Pambali pa msokowo panali kachizindikiro ka ulusi wofiira, konga kamene aphunzitsi amachonga m'kope mwana akakhoza. Kanali kokhota, ulusi wina utalumpha malo. Anali manja a munthu wosaona bwino.

"Anasokera pabasi," anatero wamng'onoyo. "Ankati pashopu mukanawakalipira kuti akuwononga nsalu yoyera."

"Ndikanawakalipiradi."

Wamkuluyo anayala chijasicho pamiyendo. Kunja munthu wina anasuzumira pakhomo ndi diresi m'manja, koma ataona nkhope zawo anabwerera.

"Zatsala zaka zingati?" anafunsa wamkuluyo.

"Zitatu."

"Zitatu, osati zitatu ndi theka. Ukalephera mayeso ngakhale amodzi, makina achiwiriwa akukudikira. Ndipo ukamaliza, udzandiperekeze ine kukalembetsa sukulu. Masamu sindinaiwale."

"Ndamva, achemwali."

"Sindinakukhululukire ayi. Patse ulusi woyera."

Wamng'onoyo anaupereka. Wamkuluyo analowetsa ulusi pasingano, nayala thumba long'ambikalo pansi pa phazi la makina. Asanaponde, anapinda mbali ya m'khwapa ija n'kuikankhira kutali ndi singano, kuti kofiirako kasakhudzidwe.