Mayankho a Farida Yasini

Patricia Namakhwa anafika pa Kachulu Lolemba m'mawa, fumbi la msewu wa ku Zomba litamuyeretsa mpaka m'nsidze. M'chikwama chake munali mapepala a mafunso makumi atatu, zolembera zinayi ndi kabokosi ka inki yodindira chala. Anali mphunzitsi wa sitandade 5 kufupi ndi Songani, koma kwa zaka zinayi ankalimbananso ndi maphunziro a digiri, kuwerenga Loweruka ndi pa holide anzake akupuma. Chinatsala chinali chimodzi chokha, kafukufuku. Ankafuna kudziwa chimene chimachititsa amayi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kusiya sukulu ya kwacha asanamalize. Ahedi anamupatsa masabata awiri basi.

A Jameson, amene ankamuyang'anira ku koleji, anali atamulangiza mosapita m'mbali. "Mukatenge kaundula wa kalasi, mayina onse muwapatse manambala, musankhe makumi atatu mwa maere. Amene maere awagwera ndi omwewo. Mukakangotola aliyense amene mwakumana naye pamsika, amenewo ndi macheza, si kafukufuku."

Kalasi ya kwacha inkakumana m'kachalichi kena kakale, kamalata obowoka. Mphunzitsi wake anali a Gerishomo, bambo wamtali, wowonda, amene m'mawa ankalima mpunga ku Likangala, masana n'kumaphunzitsa. Anamulandira bwino Patricia, koma mopanda chidwi chenicheni.

"Ndinu achinayi, madamu," anatero akupukuta choko m'manja. "Oyamba anabwera ndi galimoto, achiwiri ndi makina ojambulira mawu. Achitatu anatipatsa fanta. Zimene anapeza sitinazimve mpaka lero. Kaundula ndi uyu."

M'kaundulamo munali mayina makumi anayi ndi awiri. Patricia anadula timapepala, kulemba manambala, kutiponya m'mbale n'kutola makumi atatu maso ali kumbali. Anakopera mayinawo mosamala, mtima uli m'malo kuti akutsata malangizo. Sanafunse kalikonse za eni mayinawo, nawonso a Gerishomo anangomuyang'ana.

Itakwana 3 koloko kunabwera amayi asanu ndi awiri okha, ndipo mwa iwo maere anali atagwera anayi. Woyamba kufunsidwa anali mayi Hadija, wowuma thupi, wa mpango wobiriwira, amene ntchito yake inali yoyanika matemba. Patricia anawerenga pepala la chilolezo lonse, kenako anatsegula kabokosi ka inki.

"Tsekani chimenecho," anatero mayi Hadija. "Zaka ziwiri ndikukhala pabenchi ili kuti ndisiye kudetsa chala. Bweretsani cholembera."

Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo, chilembo chilichonse chitaima pachokha. Patricia anayang'ana wotchi mobisa. Atafika pa mafunso, zinthu zinavutiratu.

"Ndiwerenga chiganizo, inu munene ngati mukuvomereza kwambiri, mukuvomereza, simukudziwa, mukukana, kapena mukukanitsitsa. Choyamba: sukulu ya kwacha ndi yothandiza pa moyo wanga."

"Eya."

"Eya wake uti, amayi? Kuvomereza kapena kuvomereza kwambiri?"

"Kodi eya alipo awiri? Lembani amene akukusangalatsani."

Amayi ena aja anaseka mpaka wina kutsokomola. Patricia naye anaseka, koma anachonga pa "kuvomereza" asakudziwa ngati walondola. Mafunso analipo makumi awiri ndi anayi. Pomaliza munthu wachinayi dzuwa linali litapendeka, ndipo amayiwo anali akuyang'ana kukhomo, maganizo ali pa nsomba zimene anasiya pathandala.

Masiku otsatirawo anathera pa kusaka anthu. Unali mwezi wa Okutobala, madzi a m'nyanja atathawira kutali, kusiya matope osweka mbali zonse. Kutentha kwake kunali kowawula nkhope. Patricia ankadzuka m'kachipinda kamene anachita lendi kuseri kwa msika, n'kuyamba kuyenda ndi mndandanda wake khomo ndi khomo. Uyu anapita ku chilumba cha Chisi kwa amayi ake. Uyu ali m'zimbowera, timisasa ta asodzi ta pakati pa mabango, adzabwera mvula ikagwa. Uyu anakwatiwa kutsidya, ku Mozambiki. Uyu dzina lake sitikulidziwa, mwina ndi la kusukulu, ife timamutchula lina. Tsiku lina anakwera njinga yakabaza mpaka ku Likangala, n'kuyenda m'migula ya minda nsapato zili m'manja, ndipo mayi amene ankamufunayo anayankha mafunso asanu ali chiweramire, kenako anati, "Pepani, madzi ndapatsidwa lero lokha," n'kupitiriza kutsegula ngalande.

Pofika Lachinayi la sabata yachiwiri mapazi a Patricia anali atatupa, milomo itang'ambika, ndipo mapepala odzazidwa analipo khumi ndi limodzi. Anaimbira a Jameson.

"Khumi ndi limodzi?" anatero iwo. "Pamenepo palibe chimene mungawerengere. Akachepa akhale makumi awiri ndi limodzi kapena kuposa. Ndipo kumbukirani, tsiku lomaliza kupereka ndi pa 30. Mukaphonya, mudikira chaka cha mawa."

Atadula foni, Patricia anakhala pakhonde kwa nthawi yaitali, akuyang'ana akhwangwala akulimbirana matumbo a mlamba. Kenako anaimbira Enoki, mnzake wa m'kalasi imodzi, amene anali atamaliza kale kafukufuku wake ku Machinga.

Enoki anaseka. "Iwe Patricia, ukuganiza kuti tonsefe tinawapeza anthu athu? Khala pamthunzi, udzaze wekha. Mayankho ukuwadziwa kale, onse amanena zofanana. Uzingosintha zolembera. Posainira gwiritsa dzanja lamanzere."

"Si bwino zimenezo, Enoki."

"Ndiye zitaye zaka zinayi chifukwa cha anthu amene ali m'mabango. Amawerenga ndani mapepala amenewo?"

Masana omwewo Patricia anatseka chitseko, kukhala pamphasa n'kuyamba. Pepala loyamba analidzaza pang'onopang'ono. Lachitatu linayenda lokha. Ankatenga dzina pamndandanda, kulipatsa zaka, ana, ndi chifukwa chosiyira sukulu. Wina anamupatsa ntchito ya kumunda, wina matenda a mwana, wina manyazi. Atafika pa dzina la Farida Yasini analemba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ana atatu, ndipo pa chifukwa analemba kuti mwamuna amakaniza. Anasaina ndi dzanja lamanzere, zilembo zopindika ngati za wophunzira kumene. Anadzaza mapepala khumi. Sanamve mantha kapena chisoni, anangomva kutopa, ndipo atamaliza anagona pamphasa pomwepo thukuta lili kamukamu.

Lachisanu anapita kukatsanzika. Panafunika kuti a Gerishomo asaine pansi pa mndandanda wa amene anafunsidwa. Amayi asanu anali atafika kale, mayi Hadija ali pabenchi lakutsogolo. A Gerishomo anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuyamba kuwerenga mayina mokweza, chala chikutsata mzere, monga ankachitira ndi chilichonse cholembedwa. Atafika pakati analeka.

"Farida Yasini," anabwereza. "Madamu, ameneyu munakumana naye kuti?"

"Ku Likangala," anatero Patricia. Bodzalo linatuluka msanga kuposa mmene ankayembekezera. "Kumunda."

Mayi wina anagwira pakamwa. Mayi Hadija anatembenuka pang'onopang'ono.

"Farida ndi mng'ono wanga, bere limodzi," anatero. "Tinamuika chaka chatha mu Febuluwale, nthawi ya kolera ija. Manda ake ali kuseri kwa mzikiti. Ndiye ku Likangalako anakuuzani zotani?"

Patricia anafuna kunena kuti mwina wasokoneza mayina, koma mayi Hadija anali atatambasula kale dzanja.

"Tapatseni pepala lakelo ndione."

Analitulutsa n'kuwapatsa. Mayi Hadija analiyika pabondo, n'kuyamba kuwerenga mokweza, phatikizo ndi phatikizo. Panalibe amene anawathandiza. Anadutsa pa zaka, anadutsa pa ana, n'kufika pamzere wa chifukwa.

"Mwa-mu-na a-ma-ka-ni-za." Anadzutsa mutu. "Mwamuna wake, a Bakali? A Bakali amene ankamukweza pa njinga kudzamutula pakhomo apa, iwo n'kukhala panja kudikira? Ana anali awiri, osati atatu. Ndipo dzina lake sankalemba mokhota chonchi. Farida ndi amene ankatigwira dzanja tonsefe muno."

Sanakweze mawu. Patricia akanakonda akanamukalipira.

"Pepani, amayi," anatero. "Sindinakumane naye. Ndinalemba ndekha dzulo, m'chipinda. Si lokhali, alipo khumi. Anthu sindinawapeze, masiku anandithera."

"Munalephera kufunsa?"

"Ndinafunsa m'makomo. Ena amati dzinalo sakulidziwa."

"Kuno timati Abiti Yasini. Mukanafunsa ine tsiku loyamba lija, m'malo mwa eya wanu wapawiri uja, ndikanakuuzani onse kumene ali."

A Gerishomo anavula magalasi n'kukhala pampando. "Mlandu wina ndi wanga," anatero motsitsa. "Dzinalo ndinalisiya dala m'kaundula, pamodzi ndi ena amene anachoka kalekale. Ophunzira akachepa pa pepala, kalasi amaitseka. Ndinakuonani mukutola timapepala tanu m'mbale, ndinadziwa kuti theka simulipeza. Ndinati nanunso mudutsa ngati anzanu aja." Anapinda mndandanda uja n'kumubwezera. "Koma apa sindisaina."

Patricia anatulutsa mapepala asanu ndi anayi otsalawo n'kuwang'amba pamaso pawo, kenako anatambasula dzanja kuti alandire la Farida. Mayi Hadija analipinda kanayi n'kulilowetsa m'chitenje.

"Ili ndisunga. Ndikawawerengere a Bakali, amve zimene akanapita nazo ku Zomba." Kenako anafunsa, "Pa pepala lanuli, munthu amene sanasiye sukulu koma anamwalira, mumachonga pati?"

"Palibe malo ake."

"Chabwino," anatero mayi Hadija, n'kutsegula kope lawo. "Aphunzitsi, tiyeni tiyambe, nsomba zili padzuwa."

Lolemba lotsatira Patricia anapita ku ofesi ya a Jameson ndi mapepala khumi ndi limodzi. Anafotokoza zonse, ngakhale za dzanja lamanzere. Dzina la Enoki lokha ndi limene sanatchule. A Jameson anamvetsera akusisita pamphumi, mulu wa mafayilo a ophunzira ena uli pambali pawo.

"Mukanapereka mapepala amenewo, n'kudziwika, ndikanakuchotsani," anatero pomaliza. "Poti mwawang'amba nokha, ndilibe chokulembani. Koma chaka chino chapita. Mulembenso pempho la kafukufuku, musinthe njira. Siyani za maere ndi zochonga. Mutenge amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, mukhale nawo, azilankhula okha, inu muzijambula mawu. Za kaundulayo mulembe mosatchula munthu kapena malo, apo ayi muwatsekera kalasi."

"Ahedi sandipatsanso masiku."

"Loweruka lilipo," anatero iwo, akukoka fayilo ina.

Pempho latsopano linatenga miyezi itatu kuti livomerezedwe. Mvula inagwa, msewu wa ku Kachulu unaonongeka, ndipo Loweruka lina minibasi inatitimira pamatope, Patricia n'kubwerera panjira. Kusukulu kwake ana zana limodzi ndi khumi ankamudikira Lolemba lililonse, makope awo ali mulu patebulo. Mwamuna wake anasiya kufunsa kuti digiriyo idzatha liti.

Mu Epulo anafikanso pa Kachulu. Madzi anali atabwerera mpaka pafupi ndi msika, mabwato ali ndandanda padooko. Anawapeza mayi Hadija pathandala, akutembenuza matemba ndi manja onse awiri. Sanamulandire ndi chimwemwe, komanso sanamubweze.

"Mwabweranso ndi mapepala?"

"Limodzi lokha, lachilolezo. Zina zonse muzingolankhula, foni izimva."

Mayi Hadija anapukuta manja pachitenje n'kusaina, mofulumirako kusiyana ndi poyamba paja. Patricia atatulutsa foni anapeza uthenga pa gulu la anzake a kukoleji: chithunzi cha Enoki atavala gauni, akumwetulira pakati pa abale ake. Anachiyang'ana kamphindi, kenako anatsegula chojambulira mawu n'kuika foniyo pamwamba pa dengu.

"Ine sinditha kulankhula manja ali chete," anatero mayi Hadija. "Inunso musangoima. Yambirani uko, muzitembenuza zonyowazo."

Patricia anapinda manja a bulauzi n'kupita kumapeto kwa thandala. Fungo la nsomba linamulowa mpaka kukhosi, ntchentche zikumutera pankhope.

"Ndiyambire pati?" anafunsa mayi Hadija, akuyang'ana foniyo.

"Pamene mukufuna, amayi."

"Ndiye ndiyambira pa bambo athu. Iwo ndi amene anatichotsa sukulu, ine ndi Farida, tsiku limodzi. Ine ndinali sitandade 2. Sanali munthu woipa ayi, musalembe kuti anali woipa. Chaka chimenecho nyanja inauma."