Madisiki a Om Ventje

"Tiyambirenso, Tante," anatero Recky kwa a Deetje, poti kuno mayi wamkulu timamuitana Tante, ndiye kuti azakhali, zala zili kale pa kiyibodi yake yatsopano.

A Deetje anagwira m'mphepete mwa bokosi la amuna awo, nakoka mpweya. Mzere woyamba wa nyimbo anaudutsa bwino. Wachiwiri unawathera pakati, mawu n'kusanduka chifuwa, chifuwa chija cha mphumu chomwe mudzi wonse unkachidziwa koma wina sankayerekeza kuchitchula pamaso pawo. Meiske, mwana wawo wamkazi, anathamangira kapu ya madzi ofunda. Kunja, pansi pa tenti yomwe anansi anamanga mpaka kutseka theka la msewu, azibambo anasiya kaye kumenyetsa madomino patebulo, kenaka anapitiriza.

Kwathu kuno, kumtunda kwa Tondano, bokosi silitsekedwa banja lisanaimirire kutsogolo n'kumuimbira munthu wawo. A Deetje anayamba kutsogolera nyimbo m'maliro a anthu ena ali namwali, amuna awo a Ventje Lumintang akuwaimbira kiyibodi kumbuyo. Tsopano a Ventje anali chigonere pabalaza mu suti yawo yakuda, mwambo woika uli mkuja, ndipo mkazi wawo sankatha kumaliza ngakhale ndime imodzi.

"Ndichepetse liwiro?" anafunsa Recky. Anachepetsa, koma zinangoipiraipira, chifukwa mawu okokedwa amadya mpweya wambiri.

Recky anachita kubwera naye Stenly, mwana woyamba, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Balikpapan. Anatsika ndege ku Manado n'kutengerako woimba wamtawuniyu pamodzi ndi masipika aakulu ngati mafiriji. Stenly si munthu woipa, kungoti akaona chinthu chopendekeka manja amamuyabwa.

"Mama, musadzivute," anatero. "Ine ndi Meiske tidzaimba, inu mudzangoima pakati pathu."

"Ndidzaime ngati nsanamira ya tenti?"

"Mudzagwa pamaso pa anthu, Mama."

"Ndaperekeza makolo a aliyense m'mudzi muno ndi pakamwa panga. Wanga yekha ndimuperekeze nditatseka pakamwa?" Anamwa madzi aja, nabweza kapu. "Mnyamatayu amaimba bwino, koma ine ndinazolowera Papa wanu. Meiske, katsitse chitini chija pamwamba pa kabati."

M'chitini cha mabisiketicho munali madisiki akale aja amakona anayi, omwe tinkawatchula mafulope, omangidwa ndi malabala ofumbwa. Kalelo a Ventje ankasungamo nyimbo zomwe aimba pa kiyibodi, kuti tsiku lomwe maliro agundana ndi ukwati kapena iwo ali kumunda wa kokonati, wina azingolowetsa disiki mpingo n'kuimba. Kiyibodiyo inafa tsiku lina lamvula, lona ya tenti itakhuthulira madzi ake onse pamwamba pake. Sanagulenso ina, poti nyamakazi inali itawapinda kale zala.

Stenly ananyamula disiki imodzi ndi zala ziwiri. "Mama, laputopu yanga ilibe n'polowetsa pomwe zimenezi."

"Ndiye sukulu yonse ija unkaphunzira chiyani?"

Stenly anabwezera disikiyo m'chitini. Koma chomwe chinkamuvuta si polowetsa pokha. Aliyense kuno ankadziwa kaimbidwe ka Om Ventje, ndiye kuti amalume a Ventje, monga tinkawatchulira. Ankati akuimba bwinobwino, mwadzidzidzi n'kuima pakati pa mzere popanda chifukwa, mpingo wonse n'kupunthwa, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Azibambo a kwaya ankati Ventje akusaka batani lomwe lagwa pansi. A Deetje nawo ankatembenuka ndi diso lofiira, pobwerera kunyumba n'kumawafunsa kuti, "Ven, munagona kodi?" Iwo ankangoseka, n'kunena kuti zala zakalamba. Stenly ali pasukulu anamenyanapo ndi anzake chifukwa cha nkhani yomweyi, ndipo manyaziwo sanamuchoke.

M'mawa mwake anatsikira ku Manado ndi galimoto ya mlamu wake. Anazungulira masitolo a makompyuta, anyamata ogulitsa akumuyang'ana ngati wafunsa mtengo wa ngolo. Pomaliza wina anamulozera kwa Ko Afung, wokonza makiyibodi kuseri kwa msika. Mkuluyo anafukula m'katoni kabokosi kakuda kachingwe chimodzi, nakapukuta ndi malaya.

"A Ventje amwalira? Ayi, pepani," anatero. "Tenga, koma ukabweze. Izi sapanganso."

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, azimayi a mpingo akuvundula mapoto a brenebon, supu wa nyemba zofiira uja wosasowa pamaliro. Patebulo la kukhitchini anakankhira anyezi mbali imodzi, nayala laputopu, n'kulumikiza kabokosi kaja. Disiki yoyamba inalowa, kamakinako kanakukuta mano kwa kanthawi, kenaka pagalasi panatuluka funso.

Meiske anasuzumira ali ndi mpeni m'manja. "Ikufunsa. Ungovomera, tione."

Chala chake chisanafike, Stenly anachimenya. "Ikufunsa ngati ifufute zonse, iyambe disikiyi mwatsopano. Ukanavomera, Papa akanapita kachiwiri."

"Ndiye ukanangonena, osati kundimenya ngati ndine mwana wako."

Anatenga madisiki onse, n'kukankha kachitseko kakang'ono ka pakona ya iliyonse kuti kompyuta izingowerenga, isalembemo kanthu. Atasuntha kachitsulo ka pamwamba anaona vuto lake: m'kati munali madontho oyera a chuku. Nyengo yathu yachinyeziyi imadya chilichonse, ngakhale nsapato. Anapempha thonje ndi sipiliti, nayamba kupukuta pang'onopang'ono, akuzunguza kambale ka m'katimo ndi chala. Ena anali ataferatu. Ena ankawerengeka theka n'kukakamira. Ina inali ndi dzina la Deetje pamwamba, m'zilembo zopendekeka za a Ventje, ndipo imeneyo itauma bwino inatseguka.

Mmenemo simunali mawu ojambulidwa ngati a pa kaseti. Munasungidwa zochita za zala basi: batani liti linadindidwa, nthawi iti, mwamphamvu bwanji. Pagalasi zinkaoneka ngati timizere tondondozana. Stenly anavala zomvera m'makutu, natsegula nyimbo yomwe Mama ankafuna. Nkhope yake inafewa, kenaka inakwinyika. Mipata ija inalimo, yoonekeratu pakati pa timizere ngati mano a nkhalamba.

"Ukutani?" anafunsa Meiske, ataona akukoka timizere.

"Ndikuwongola. Kompyuta imatha kubweza chilichonse pa nthawi yake."

"Mama anati akufuna Papa. Sanati akufuna iwe."

"Mawa kubwera abusa a m'mipingo ina, kubwera abale a ku Manado. Ukufuna anthu adzaseke Papa pamaliro awo omwe?"

"Iwe wafika dzana ndi sutikesi, lero ukuwongola nyumba yonse," anatero Meiske. "Amene ndimawatengera kuchipatala onse awiri ndine, koma palibe wandifunsa kanthu."

"Yakale ndaisunga, sinditaya," anatero Stenly osadzutsa mutu. Meiske anabwerera ku anyezi wake, ndipo mmene ankawadulira aliyense anadziwa kuti wakwiya.

Chakumadzulo anasamutsira nyimbo yowongoledwayo mu kiyibodi ya Recky. Recky anadinda batani n'kuchotsapo manja. Mawu oyamba atangotuluka, a Deetje anagwira pakamwa. Dzanja lamanzere lolemera lija la a Ventje, kachizolowezi kokwera pang'ono mzere usanayambe, zonse zinali momwemo.

"Ndi iwowo," anatero motsitsa.

Anaimirira pambali pa bokosi, nayamba. Mzere woyamba unadutsa. Wachiwiri unawathera pamalo omwe aja a dzulo. Nyimbo inapitirira yokha, yosalala, yokongola, iwo akutsokomola atawerama. Stenly anaizimitsa.

A Deetje anakhala pampando, nasalaza siketi pamaondo. Sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira.

"Basi," anatero. "Ndimati vuto ndi mnyamatayu. Pepa, Recky. Ndine ndatha. Mawa muimba nokha, ine ndidzaima pakati monga wanenera."

Analowa kuchipinda kukasita diresi lawo lakuda, chitseko n'kuchisiya chotsekuka pang'ono. Stenly anapeza zomwe ankafuna dzulo, koma mumtima munamuwawa kwambiri.

Poti kabokosi ka Ko Afung kanayenera kubwezedwa, anabwerera kukhitchini kukakopera madisiki otsala. Ina inalembedwa kuti Ukwati. Anaitsegula mosalabadira, kenaka anayandikitsa nkhope. Zinali nyimbo zovina, zothamanga, zovuta zala, ndipo timizere tinali ndondondo, popanda mpata ndi umodzi womwe. Anatsegula ya nyimbo za ana a Sande sukulu: chimodzimodzi. Anabwerera ku ya dzina la Mama, mipata ili mbwee. M'chitinimo munali disiki inanso ya dzina lomwelo, ya chaka chapatsogolo. Nyimbo zake zinali zomwezo, mipata pamalo omwewo, koma yokulirapo.

"Meis, tabwera."

"Ndilibe nthawi."

"Chonde, tabwera."

Mawu akuti chonde sanali achizolowezi pakamwa pa Stenly, choncho Meiske anabwera, akupukuta manja. Timizere sanatimvetse. Stenly anachotsa zomvera m'makutu, natsegula nyimbo ija momwe a Ventje anaisiyira, ikulira motsitsa pa kasipika ka laputopu.

Kuchipinda kunkamveka simbi ikugunda pathabwa. Posakhalitsa kunamvekanso kung'ung'udza, poti munthu amene waimba moyo wake wonse sangamve nyimbo n'kukhala chete. Kung'ung'udzako kunasanduka mawu. Mzere woyamba unadutsa. Pakati pa wachiwiri nyimbo inaima, ndipo m'kachetechetemo ana awiriwo anamva bwinobwino mpweya ukulowa m'chifuwa cha mayi awo ndi kamluzu kake. Utangodzaza, kiyibodi inayambiranso, mawu n'kukwera nayo pamodzi. Ndime inatha. Yachiwiri inathanso. Meiske anakhala pathumba la mpunga, misozi ikuyenderera.

A Deetje anatulukira pakhomo simbi ili m'manja. "Wachita chiyani?"

"Palibe, Mama. Ija munalephera ija ndinali nditaiwongola ine. Iyi ndi momwe Papa anaisiyira." Anawatembenuzira laputopu, ngakhale ankadziwa kuti timizere sitiwauza kanthu. "Nyimbo za ukwati saima paliponse. Za ana saima. Ankaima m'nyimbo zanu zokha."

A Deetje anayang'ana galasilo nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana cha pabalaza pomwe panali bokosi.

"Zaka zonsezi ndikuwakalipira pamsewu," anatero. "Anthu akuwaseka. Osangonena bwanji?"

"Akananena kuti mpweya ukukuperewerani, mukanavomera?" anafunsa Meiske.

"Ndikanasiya kuimba tsiku lomwelo."

A Deetje anazindikira kuti simbi ikadali m'manja mwawo, nabwerera kukamaliza diresi.

Tsiku loika, tenti inadzaza mpaka ena anaima pansi pa maambulera kutsidya kwa msewu. Abusa atamaliza ulaliki anaitana banja. A Deetje anaima pakati pa ana awo, dzanja limodzi pa bokosi. Recky anadinda batani, n'kuika manja kumbuyo ngati mlonda.

Mpingo unalowa nawo pa mzere woyamba. Pakati pa wachiwiri kiyibodi inaima, ndipo azibambo a kwaya anapunthwa monga ankachitira kale. Mmodzi wa iwo, mkulu wopanda mano akutsogolo, anapukusa mutu akumwetulira. "Ameneyu ndi Ventje ndithu," ananong'oneza mnzake, kenaka anatulutsa kansalu n'kubisa nkhope.

A Deetje sanaphonye liwu. Mawu awo anali ochepa, okalamba, koma ankafika kumapeto kwa mzere uliwonse.

Mzere womaliza usanayambe, kiyibodi inakhala chete nthawi yaitali kuposa pena ponse. Anthu anayamba kuyang'anana. Recky, poganiza kuti makina akakamira, anatambasula dzanja, koma Stenly anamugwira pamkono.

"Asiye," anatero motsitsa. "Akudikira Mama."

A Deetje anakoka mpweya mosafulumira, mpaka chifuwa chinadzaza. Atangotsegula pakamwa, a Ventje analowa nawo.