Rula pa Thabwa la Achimwene

Mapulani anali chigwadire pa utuchi, akumanga mwendo wachinayi wa makina ake, pomwe achimwene ake anadutsa ndi thabwa paphewa n'kumukhula nalo kumsana. Sanapepese.

"Chotsa zidole zakozo panjira, ena tikugwira ntchito muno."

Shediyo anawasiyira ndi bambo awo onse awiri, koma chichitikireni maliro inkayenda ngati ya munthu mmodzi. Achimwenewo, kalipentala wotchuka m'dera lonselo, anatenga benchi, zenera ndi khomo lomwe. Mapulani anaponyeredwa kakona ka kuseri kwa chitseko, ndipo m'menemo ndimo munkakhala makina ake a leza: kachipangizo kotchipa ka ndodo zinayi zachitsulo, kokhala ndi kamutu kotulutsa kuwala koonda ngati singano, kolemba pathabwa mochita kuwotcha. Anakagula kali kolumala kale. Kankagwedera, kankatsamwa ndi utsi wake womwe, ndipo pa miyezi iwiri yokha kanali katadya matabwa atatu a achimwene.

Thabwa lachitatulo litapsa, achimwene anapereka chigamulo akazi awo, alamu ake a Mapulani, akumva: "Likangowonongeka lina, makinawa akagona kudzala. Mapulani akowo uzikapangira kwa apongozi ako."

Dzina limenelo sanalitole panjira. Kunyumba anali ndi pulinta youmba zinthu ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo kwa milungu itatu inalira ngati udzudzu osapuma. Anaumba miyendo inayi yokweza makinawo kuti thabwa lochindikala lizilowa pansi. Anaumba timanja tokungira lamba kuti zilembo zileke kunjenjemera, ndi kamlomo kopemerera mpweya wothamangitsa utsi, komwe anakalumikiza ku pampu yakale ya m'thanki ya nsomba. Chomaliza chinali kachidutswa koyezera mpata pakati pa kamutu ndi thabwa, chifukwa kuwalako kumathwa pa mtunda umodzi wokha. Ukaphonya pang'ono chabe, chilembo chimafufuma ngati walemba ndi khala. Zonsezi zinatuluka zobiriwira ngati chule, poti ulusi unalipo ndi womwewo, ndipo achimwene sankadutsa osazitsonya.

Loweruka m'mawa ntchito yoyesera inafika: chikwangwani cha telala wina wa kuseri kwa msika. Thabwa lake analipala okha achimwene, ndi diso ndi chopalira chamanja, monga ankachitira bambo awo. Analiponya patebulo la Mapulani osamuyang'ana.

"Ilo. Uliwononge bwinobwino."

Mapulani analilowetsa pansi pa makina. Anayeza mpata kumanzere kwa thabwa, anavala magalasi ake ofiira, anayatsa pampu n'kudina batani. Kamutu kanayamba ulendo. Zilembo zoyamba zinatuluka zowongoka, zakuda bii, zopanda mwaye m'mphepete, zoti munthu n'kuzipsompsona. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe, ndipo anachita kukhosomola dala kuti achimwene acheuke. Koma chofulumira chinadyetsa gonthi ntchentche yamoyo. Pofika pakati zilembo zinayamba kunenepa, ndipo kumapeto dzina la telala linasanduka chimkwasa chotuwa, chosawerengeka ngakhale kwa mwini dzina.

Achimwene anabwera mosathamanga, akupukuta manja. Anasisita thabwalo ndi chala chachikulu kuchokera kumanzere mpaka kumanja, n'kuseka kuseka kopanda mano.

"Tatenga wilibala ija, mayi mwana," anauza akazi awo, omwe ankapaka vanishi mipando pakhomo. "Injiniya wathu akusamuka lero."

"Si makina amene alakwa," anatero Mapulani.

"Ndiye ndine? Zaka makumi atatu ndikupala matabwa iwe ukuseweretsa mawaya, lero undiphunzitse ntchito ndi mapulasitiki a chule?"

Mapulani anali atadziwa kale pomwe panagona vuto. Anali atalowetsa kachidutswa kake kumanja kwa thabwa, ndipo kanalowa momasuka, kosakhudza kamutu. Thabwalo linali lopyapyala mbali imodzi. Anayang'ana rula yachitsulo yomwe inali pakhoma. Nawonso alamu ake anaiyang'ana, kenako anamuyang'ana iye, burashi ikudontha vanishi pansi.

"Alamu, zisiyeni," anatero mayiwo chapansipansi. "Thabwa lina lipezeka. Ndakupemphani."

Kunena zoona, Mapulani anamva kuti m'mawu amenewo muli kanthu. Akanatha kunyamula makina ake, kukawaika kunyumba kwa masiku angapo, mkwiyo uphwe. Koma m'chifuwa mwake munali zaka zonse za kuseri kwa chitseko, kutsonyedwa kwa tsiku ndi tsiku, ndi milungu itatu ya zala zopsa ndi pulasitiki wotentha. Ankafuna, kamodzi kokha m'moyo wake, kuona munthu ameneyu atasowa chonena. Anakatenga rula ija.

Anaigoneka chammbali pamwamba pa thabwa, n'kunyamula zonse kupita nazo pazenera la achimwene lomwe ankaletsedwa kuimapo. Kumanzere rula inagwirana ndi thabwa. Kumanja kunatsala mpata, ndipo dzuwa linkadutsamo loonekeratu ngakhale kwa munthu woima pakhomo.

"Onani nokha, akatswiri," anatero mokweza, kuti ndi a shedi yoyandikana nayo amve. "Zaka makumi atatu zija ndi izi? Thabwa lopendekeka ngati denga la khola! Kuwala kukudutsa apa simukukuona?"

Achimwene anawerama. Anayandikira, n'kuyandikiranso, mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda rula. Anatsinzina diso limodzi, kenako linalo.

"Kuwala kuti?"

Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati munthu wofunsa njira. Achimwene anatambasula dzanja, anapapasa rula mpaka kumapeto, n'kulowetsa chikhadabo pansi pake. Chinalowa chonse.

Alamu anaika burashi m'chitini.

"Chaka chathunthu ndakhala ndikuwayezera ndine matabwa, anthu asanafike," anatero, osakweza mawu. "Lanuli anakana kuti ndiligwire. Amati la mphwawo apala okha." Anapukuta manja pansalu, maso ali gwa pa Mapulani. "Mwawina, alamu. Uzani msika wonse."

Mapulani anatsitsira thabwa lija pabenchi. Chimene ankachilakalaka chija anali atachipeza, koma chinalibe kukoma. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

"Achimwene, ine sindimadziwa kuti..."

"Makina ako akhale," anamudula. Anachotsa pensulo kukhutu n'kuiika pabenchi mosamala, pafupi ndi chopalira. "Uwasunthire pazenera pano. Ine kuwalako sikukundithandizanso."

Anatembenuka kulunjika panja. Pofika pakhomo, khomo lomwe analikhoma okha ali mnyamata, anayamba atambasula dzanja n'kupeza mphuthu yake, kenako ndi pomwe anaponya phazi.